Sipanala ya a Ackim

"Kwathu ku Chileka madzi otsukira mbale sititaya pabwalo. Amadziwa okha kopita."

Anali alamu anga a Zakeyo, kalaliki wa kubwalo la ndege, akuuza anthu omwe ankamwa tiyi pa Lirangwe. Ine ndinali pakhomo, ndikufunafuna khadi la chipani m'matumba kuti ndilowe mumsika. Ankanena za sinki ya kukhitchini kwawo. Sinki yawoyo ndinkaidziwa. Ndinkadziwanso kuti poiika, zaka zitatu m'mbuyomo, anabwereka sipanala yaikulu ya mapaipi kwa a Ackim, okonza njinga a pa Lirangwe pomwepo, kenako n'kumalumbira kuti anabweza. A Ackim anailondola kawiri. Kachitatu anangosiya kupereka moni.

Tsono Rodney, mphwawo wa a Ackim, anafunsira Mildred, mwana wa a Zakeyo ndi mkazi wawo Chisoni, mlongo wanga. Nkhoswe ya kuchimuna, a Ackim. Ya kuchikazi, ine. Tinapangana kukumana Loweruka masana ku Chileka.

Loweruka m'mawa ndinapeza alamu atapinda mikono ya malaya, akuiyang'ana sinki ngati akudikira kuti ipepese. Madzi otuwa, mafuta akuyandama pamwamba, anali atadzaza mpaka pakamwa.

"Yangopumula pang'ono," anatero.

Anaitokosa ndi waya. Wayayo anapindika. Anathira madzi owira, madziwo anangowonjezera anzawo. Anayang'ana wotchi, natuluka kukasuzumira kumsewu, nabwerera ndi pampu ya njinga. Atapopa kawiri, sinki inawabwezera zonse pachifuwa. Anasintha malaya, nayang'ananso wotchi.

"Zotsalazi ndikatsukire panja?" anafunsa Chisoni.

"Panja? Alendo adzapeze mkazi wa kalaliki atanjuta pafumbi?"

"Alamu," ndinatero ine, "apa pofunika kumasula paipi yapansiyi. Pakanakhala sipanala..."

"M'nyumba muno mulibe sipanala!"

Anayankha ndisanamalize n'komwe.

Alendo anafulumira ndi ola lathunthu: a Ackim, mlongo wawo, ndi a Athumani, mwini golosale woyandikana nawo, amene anali pa tiyi tsiku lija. Alamu anavundikira sinki ndi thireyi, pamwamba kansalu koluka, pamwamba pa kansalu botolo la maluwa. Inkaoneka ngati manda a munthu wokondedwa.

Tinamwa tiyi. Alamu ankangodzukadzuka, kutseka chitseko cha kukhitchini, kukhala, kudzukanso. Tisanayambe nkhani a Athumani anakana beseni losambiramo m'manja.

"Iyayi bwana, ine ndavutikira ulendowu kudzaona madzi odziwa okha kopita aja. Ndisamba komweko."

Tonse tinawatsatira. Anachotsa maluwa mwaulemu, kenako kansalu, kenako thireyi. Fungo linatipatsa moni.

A Ackim sanaseke. Anagwada, nagogoda paipi yokhota ija ndi chala.

"Muli mchenga umu. Mayi, mapoto mumakwechesa ndi mchenga?"

"Ndi phulusa lomwe," anatero Chisoni. "Nanga poto angayere ndi chiyani? Dzulo ndatsuka onse chifukwa cha inu alendo. Panja anandiletsa bambo ake Mildred."

"Ntchito yake ndi yaing'ono, koma si ya manja okha. Ndinali ndi sipanala yake ine, chogwirira chake chokulunga mphira ya njinga." A Ackim anaimirira, napukuta mawondo, natenga chipewa. "Achimwene," anauza ine, "za anawa tidzakambe tsiku lina. Nyumba imene chinthu chikalowa sichituluka, ine ndimachita nayo mantha. Ndi madzi omwe, taonani."

Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kunamveka Mildred akufwenthera.

Alamu anayang'ana wotchi. Wotchi inalibe malangizo. Analowa kuchipinda kwawo, ndipo tinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi, pang'onopang'ono, ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Anatuluka ndi chinthu chokulunga m'nyuzipepala, nachipereka ndi manja awiri.

"Yapezeka."

"Yapezeka, kapena mwabweza?"

Alamu anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana denga.

"Ndabweza, a Ackim. Sindinabweze kale paja. Pepani."

"A Athumani, mwamva?"

"Ndamva, ndi makutu onse awiri."

A Ackim anavula jekete, naika ndowa pansi pa paipi, napotokola katatu. Munatuluka mchenga wokwana kuzira khonde, ndi supuni yaing'ono imene Chisoni ankanamizira aneba kuyambira chaka chatha. Atamanganso, anatsegula mpope. Madzi anazungulira, nalira kukhosi, napita.

"Akudziwadi kopita," anatero a Athumani akusamba. "Amangodikira munthu wa ku Lirangwe awalozere."

Tinabwerera pabalaza n'kuyamba za ana. Zinayenda bwino. Alamu anati sipanala ayambe aiika pashelefu kuti isadetse buluku la alendo. A Ackim anathokoza kwambiri, naisiya pomwepo pamiyendo pawo, dzanja lili pamwamba.