Mwana Wachitatu wa Gurmel

"Chacha, mwana wopanda dzina Mulungu amamuitana bwanji?"

Anandifunsa ndi Simar, mwana woyamba wa mnansi wanga Gurmel Singh, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi; ankandiitana Chacha ngati m'bale wa bambo ake. Anali atakwera pakhoma lolekanitsa mabwalo athu, ine ndikumasula injini ya pampu. Ndinamuuza kuti atsike asanagwe.

M'nyumba mwawo munali khanda la mwezi ndi masiku angapo, mwana wamkazi wachitatu motsatizana. Tsiku lobadwa sanapachike masamba pakhomo monga timachitira akabadwa wamwamuna, ndipo anansi sitinalandire maswiti. Amayi ake a Gurmel, amene mudzi wonse unkawatcha Bebe, anayamba kumuitana Akki, ndiye kuti tatopa. M'midzi yathu ya ku Malwa mayina otere alipo. Amati ukatero, wotsatira amabwera wamwamuna. Ndikudziwa amayi awiri amene anakalamba mpaka kumwalira akuyankha dzina limeneli.

Gurmel sindinafulumire kumuweruza. Ndi mlimi wa maekala anayi, wolankhula pang'ono. Kuyambira pa mimba yoyamba ya mkazi wake Chhinder, anasunga mumtima mayina a mwana wamwamuna, limodzi pa chilembo chilichonse, chifukwa kwathu chilembo choyamba cha dzina chimachokera m'Buku loyera limene timalitcha Guru, ndipo munthu sadziwa tsamba limene lidzatseguke. Ankanditchulira mayinawo tikamathirira tirigu. Chaka chimenecho anasiya.

Tsiku lina masana ndinapita kwawo kukabwereka sipanala. Ndinapeza Bebe ali pabedi lazingwe, akusankha mphodza.

"Bebe, mwanayu mupita naye liti ku gurdwara kukalandira dzina? Masiku makumi anayi akukwana Lamlungu."

"Iwe Tarsem, wabwerera chitsulo kapena wabwerera mlandu? Dzina ali nalo kale."

"Limenelo ndi dandaulo, Bebe."

"Kwako kuli anyamata awiri, n'chifukwa chake lilime lako likuterera. Tisinthane, ndiye tidzakumve."

Kuseri kwa kakhoma ka kukhitchini Chhinder ankaumba chapati. Manja ake analeka kuwomba kwa kanthawi, kenako anayambiranso.

Gurmel anandiperekeza mpaka pageti.

"Tipita Lamlungu," anatero. "Anthu ayamba kufunsa."

Chifukwa china sanatchule.

Lamlungu m'mawa tinalowa mu gurdwara, nyumba yathu yopemphereramo, tinavula nsapato n'kukhala pansi, amuna mbali ino, akazi mbali iyo. Bhai ji, wowerenga Buku loyera, anapemphera, natakasa madzi ndi shuga, n'kudonthezera khandalo palilime. Kenako anatsegula Buku pamene linatsegukira lokha, nawerenga nyimbo yoyambira tsamba lamanzere.

"Chilembo chimene Guru wapereka ndi A."

Mawu a Bebe anamveka kuchokera pakati pa amayi, ndipo sanayesere n'komwe kunong'ona.

"Mwamva? Ngakhale Guru wavomereza. Akki."

Amayi ena anaseka ataphimba kukamwa ndi mipango. Bhai ji sanayang'ane kumeneko.

"Guru amapereka chilembo," anatero. "Dzina amapereka ndi makolo, ndipo ndilengeza kwa mpingo monga mmene ndilimvere. Gurmel Singh, tikudikira."

Gurmel anayang'ana mphasa. Pamaso pa anthu anali asanatsutsepo amayi ake, ndipo tonse tinkadziwa zimenezi. Fani inkazungulira kudenga. Mkulu wina anatsokomola. Chhinder anali atawerama, nkhope yake pamutu pa mwana.

"Amolak," anatero Gurmel.

"Limenelo unasungira wamwamuna!"

"Pa chilembo chimenechi ndinasunga limodzi lokha, Bebe."

Kaya chinali chikondi, kaya manyazi a pagulu, ine sindikudziwa, ndipo sindinamufunsepo. Kwathu dzina silisankha mwamuna kapena mkazi. Chotsatira chake ndicho chimasiyanitsa, Singh kwa mwamuna, Kaur kwa mkazi. Bhai ji anakweza mawu: "Amolak Kaur, wosagulika ndi mtengo uliwonse." Mpingo unayankha mokuwa monga mwa mwambo, ndipo tinalandira chakudya chodalitsidwa, prasad yotentha, m'manja awiri. Bebe analandira yawo n'kuimanga pansonga ya mpango osailawa.

Patapita masiku atatu ndinamva mawu awo kudutsa pakhoma.

"Chhinder! Akki wako akulira, wagontha?"

Chakumadzulo ndinamva Simar akuimbira mng'ono wake kanyimbo, nayenso akuti Akki. Sankatanthauza choipa. Ku gurdwara dzina linatchulidwa kamodzi, koma pabwalo linalo linkamveka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Amayi awiri ndinanena aja nawonso anali ndi mayina ena, amene ana awo enieni sankawadziwa.

M'mawa mwake ndikukama njati yanga yoweta, Gurmel anabwera kudzatsamira pakhoma, nduwira asanamange bwino. Anayamba ndi za magetsi a pampu, kuti sabata ino abwera nthawi yanji. Anafunsanso ngati njati yanga yasiya kuponda ndowa. Ndinamuyankha zonse n'kudikira.

"Veer ji, mkulu wanga, zija mukuzimva."

"Khomali ndi lalifupi."

"Amayi anga sindingawatseke pakamwa. Ndinayankhula kamodzi pagulu, mpaka lero chakudya amandiikira osandiyang'ana. Chhinder akatchula dzinalo, amamufunsa ngati wabereka mwana wa mfumu."

"Ndiye ukufuna ndiwakalipire ine? Andithamangitsa ndi chopsinjira chapati."

Sanaseke.

"Ayi. Inu mawu anu ndi aakulu, mukaitana ana anu kumunda amamva ndi a mudzi wina. M'mawa uliwonse mukamatuluka, muzifunsa pakhoma pano kuti Amolak wagona bwanji. Mokweza. Akazi anu nawonso, ndi anyamata anu. Mlendo akafunsa, Bebe sangayankhe kuti kuno kulibe munthu wotere."

Ndinaganizira kaye. Bebe anandinyamulapo ndili khanda, ndipo ndinadziwa kuti tiyi wa m'nyumba imeneyo sindimwanso msanga.

"Mpaka liti?"

"Mpaka mwanayo atayamba kuyankha yekha."

"Zimenezo ndi zaka ziwiri, mwina zitatu. Nanga iwe? Ine ndizikuwa kunja, iwe uli duu m'kati?"

Anakanda ndevu, nayang'ana kukhomo la nyumba yake.

"Mukafunsa, woyankha ndikhala ine. Ndipo ndizilitchula lonse, ndi Kaur yemwe."

Ndinapukuta mkaka m'manja, n'kumupatsa dzanja pamwamba pa khoma.

"Chabwino. Ndiyamba mawa, ndisanamasule njati."