Kadimba ka Kuseri kwa Nyumba

Wilibala inali itadzaza kale pamene make khanda anatuluka m'khitchini, mwana ali kumsana. Alamu ake aakulu, amene pabanjapo ankawatcha Abwana chifukwa chogwira ntchito mu ofesi kutauni, anali atapinda manja a shati yomwe anavala poika maliro a bambo awo. Fosholo ankaigwira ngati iwaluma.

"Mukupita nazo kuti zimenezo, alamu?"

"Kuseri. Kadimba kaja kakuchititsa manyazi. Masamba ake ngati makutu a khoswe."

Mulu wakuda umene ankatapawo unali m'mphepete mwa munda waukulu, pamene lole ya ku suweji inkakhuthulira chaka chilichonse. Anali matope otsala akasefa madzi a m'zimbudzi za m'tauni. Ankawaumitsa padzuwa n'kumagawira alimi, amvekere ndi manyowa. Malemu apongozi aamuna a make khanda ndiwo anayamba kuwalandira kuderako, ndipo kabichi wawo ankakula ngati mutu wa ng'ombe. Pamaliro, aliyense amene anaimirira kuyankhula anatamanda kabichiyo. Za ngalande ya kumunsi kwa munda, imene inkachita thovu mvula ikagwa n'kusanduka yobiriwira ngati penti, achule osamvekanso, panalibe anatchula.

Kadimba ka kuseri kanali ndi mabedi ochepa chabe, pafupi ndi chitsime. Ndiko make khanda ankathyola masamba opotera mwana wake, amene anali atangoyamba kumene kudya. Madzi omwetsa mwanayo ankatunganso pomwepo.

"Pali chitsime pajatu, alamu."

"Amphuno ayambapo," anatero Abwana, akuseka okha.

Dzinalo anamupatsa atangokwatiwa, poti ankanunkhiza chilichonse chisanalowe m'kamwa mwa munthu. Mwana atabadwa zinanyanya, mpaka masupuni ankawawiritsa.

"Izi ndi zoyeretsedwa, mlamu. Kuli anthu a madigiri kumeneko, amaziyeza ndi makina. Si za kusekondale kwanu zija ayi."

Make khanda anatola kamtengo n'kutakasa m'wilibalamo. Munatuluka tsitsi lopotana, tizidutswa ta pulasitiki, ndi kamtengo kotokosera m'khutu. Pamwamba panali timbande ta tomato, tonenepa bwino.

"Tomatoyu anafesa ndani?"

"Wamera yekha. Mphamvu yake ndi imeneyo."

"Njere zake zinadutsa m'mimba mwa munthu, alamu. Zadutsanso m'makina a anthu a madigiriwo, ndipo zamera. Nanga china sichingadutse? Madzi a kuchipatala amathera komweko. A m'magalaja, a m'mafakitale, komweko."

Anatembenukira kwa mwamuna wake. Mkuluyo anali atakhala pa ndowa yovundikira, akuyesa majombo a malemu. Phazi limodzi linali litalowa, linalo linkakana.

"Bambo a mwana, simuyankhulapo?"

"Achimwene ndi amene akuyang'anira zinthu tsopano," anayankha osadzutsa mutu. "Majombowa akundithina pang'ono, koma atamuka."

Make khanda anamuyang'ana pankhongo, pamene panayamba kale kuchita dazi, ndipo anadabwa kuti ndi munthu yemweyu amene kale ankamudikirira pageti ya sukulu mtima uli m'malere.

"Malo onsewa azibereka," Abwana anatero akunyamula wilibala. "Bambo anali atakalamba. Kuseri anangokuiwala."

Wilibala inalira njira yonse, ikupita uku ndi uku chifukwa woyendetsayo sanaizolowere. Make khanda anaidutsa mothamanga n'kukaima pakhomo pa kadimbako. Mwana anadzuka n'kuyamba kumukoka tsitsi.

"Tapatukani, mlamu."

"Ayi."

"Pakhomo pano munabwera ndi sutikesi, simunabwere ndi munda. Musandiphunzitse ulimi wa bambo anga."

"Ulimi wa bambo anu munauonera pawindo la basi."

Abwana anatula wilibala mwamphamvu, matope ena n'kugwera pa nsapato zawo zopolisha.

"Itembenuze wilibalayo, iwe."

Anali apongozi aakazi. Anali atakhala pa benchi ya pachitsime, akupinda mashati a amuna awo. Chichokereni kuchipatala kumene amuna awowo anamwalirira, anali asanayankhule mawu opitirira moni.

"Amayi, ndikungofuna kumalizitsa zimene bambo anaiwala."

"Bambo ako sankaiwala kanthu. Apa amadya iwo. Apa munadya inu nonse. Unaonapo kabichi wa kumunda uko akulowa m'poto mwanga?"

"Si kuti anali wogulitsa basi?"

"Eya. Wogulitsa."

Anapitiriza kupinda shati, akuwongola kolala ndi chala. Abwana anayang'ana nsapato zawo, kenako munda waukulu, kenako nsapato zawonso. Anabweza wilibala chammbuyo, ikulira monga inabwerera.

Make khanda anakhala pansi pomwepo. Anamasula mwana n'kumukumbatira. Mtima unali utatsika, koma kwa kanthawi kochepa chabe. Anakumbukira mmene malemu ankayimira pamzere wa kabichi Loweruka m'mawa, akusisita mitu ya ana a makasitomala ndi kuwauza kuti adye masamba akule ndi mphamvu.

"Odi kuno."

Pageti panaima mayi wina wogulitsa masamba kumsika, beseni lili kumutu, kamtsikana kakang'ono kakumugwira siketi. Anatula beseni, n'kugwira dzanja la apongozi ndi manja onse awiri.

"Pepani, mayi. Ndamva mochedwa. Tataya munthutu. Ana anga onse akulira masamba a madala amenewa."

"Zikomo, mwanangu. Tiyeni mukadule."

Anatsogola apongozi, mpeni uli m'manja. Make khanda anawatsatira chapatali. Kamtsikanako kankathamanga pakati pa mizere, osavala nsapato, kakugwira mitu ya kabichi umodzi umodzi. Make khanda anatsegula pakamwa. Anayang'ana msana wa apongozi ake, amene anali atangomupulumutsira kadimba, ndipo anatsekanso. Malovu ake omwe anamunyansa.

Beseni litadzaza, mayi uja anawerama kuti asenze.

"Taimani kaye," anatero apongozi.

Anatulutsa kajumbo ka pulasitiki m'thumba la juzi ya malemu imene anavala, n'kukavala kudzanja mpaka m'mkono. Anayenda m'mizeremo akusankha, nadula mutu waukulu kuposa yonse. Anauika pamwamba pa beseni, osaukhudza ndi khungu lawo.

"Uwu musagulitse, ndi wa ana. Bambo sankalola mayi wa ana achoke pano osamuwonjezera."