Zovala za NaNgozo

"Kwezani mkono pang'ono, amayi."

Regina anazindikira zimene wanena mawu atatuluka kale. Mkono wamanja wa mayi ake unali usanakwezekepo chidwalire cha sitiroko, zaka zingapo zapitazo. Anaugwira yekha pachigongono, wozizira ndi wolemera, n'kuyamba kuukankhira m'diresi lakuda limene anagula mothamanga ku Lilongwe atangomva uthenga wa maliro. Zala zopindikazo zinakodwa munsalu. Anakoka, ulusi wina n'kuduka.

Mayi Lufina, amene mudzi wonse unkawaitana NaNgozo, sanadandaule. Anangoyang'ana khoma mpaka mwana wawo anazungulira kumsana n'kukweza zipi kufika m'khosi.

"Zovala zanga zili kuti?" anafunsa. Chidwalire, mawu awo ankatuluka pang'onopang'ono, ngati akuwasankha limodzilimodzi.

"Ndalongeza m'thumba. Zonse zija n'zamaluwa, amayi. Anthu anena chiyani?"

"Ndi zanga."

"Mudzavala mukavula zakudazi. Tiyeni, akutidikira panja."

A Cosmas, amuna awo a NaNgozo, anali ataikidwa dzulo lake. Anali telala, ndipo anakalambira pakhonde la sitolo ina pamsika wa Biriwiri, pamene mphepo ya m'mapiri imawomba chaka chonse. Kenako anasamutsira makina awo kunyumba kuti azikhala pafupi ndi mkazi wawo. Aliyense ankaganiza kuti adzatsogola ndi wodwalayo. Koma kuzizira kwa Juni kunabwera ndi chifuwa, a Cosmas ankati n'chimfine chabe, ndipo pamene anthu anawanyamula kupita nawo kuchipatala, chibayo chinali chitawamaliza kale.

Mwambo wometa utatha, abale anakhala pabwalo, amuna pamipando, amayi pamphasa. Chifunga chinali chisanachoke m'minda ya kachewere kumunsi kwa mudzi. Amene anatsegula nkhani anali a Aleck, mkulu wake wa malemu, munthu wamtali wa ndevu zoyera amene ankalankhula akuyang'ana chipewa chawo.

"Zovuta tonse taziona," anatero. "Koma wamoyo ndiye wofunika kumuganizira. Mlamu wathuyu anabwera kuno chitengwa, ndipo takhala naye bwino. Wotunga madzi, wodula nkhuni, wophika, anali mng'ono wanga. Lero wapita. Ife tikuona kuti Regina awatenge mayi akewa, akakhale nawo kutauni. Munda aziyang'anira mwana wanga Nathan. Nyumbayi isagwe, alowemo iyeyo."

"Ine sindikupita," anatero NaNgozo.

"Alamu, musatenge ngati tikukuthamangitsani."

"Madzi, ana a mphakati amanditungira. Kuphika ndimaphika."

"Nanga kuvala?" A Aleck anadzutsa mutu. "Masiku onse a malirowa taona amayi akulowa awiriawiri kukakuvekani. Munthu wosatha kudziveka angagone yekha m'nyumba?"

"Ndimadziveka ndekha."

Amayi ena anawerama, mmodzi n'kuyamba kutola tizinyalala pamphasa. Regina anamva manyazi m'malo mwa mayi ake. Iye anali atachoka pamudzipo sitiroko isanabwere, ndipo ankangofika pa Khirisimasi, kugona usiku umodzi kapena uwiri. Nthawi zonse ankawapeza atasamba kale, atakhala pakhonde, bambo ake akupalasa makina pambali pawo. Sanafunsepo kuti m'mawa mumayenda bwanji m'nyumbamo.

"Ina ndi nkhani ya makina," a Aleck anapitiriza. "Aja anabwera ndi atate athu kuchokera ku Halale. Cosmas anangowasunga chifukwa ndiye anaphunzira kusoka. Abwerere kubanja."

"Bambo aakulu, tingaikambe mawa imeneyo?" anapempha Regina.

"Mawa kapena mkuja, nkhani yake ndi yomweyo, mwana wanga."

Dzuwa litapendeka, Regina anaperekeza alendo a kuchimuna kwake kumsewu wa tala kuti akakwere minibasi. Minibasi zinkadutsa zodzaza, choncho anachedwa. Pobwerera anapeza pabwalo pali zii, anthu ambiri atabalalika kukaona ziweto ndi madimba awo. M'nyumba munalibe munthu. Ndodo ya mayi ake inali itatsamira pampanda wa udzu wa bafa.

"Amayi?"

Anamva kupuma kwa befu. Atasuzumira, anawapeza atakhala pansi pamwala wonyowa, beseni litagudubuka pambali. Mayi wina woyandikana nawo anali atawaikira madzi n'kuthamangira mwana wake. NaNgozo anayesa kufikira zipi ndi dzanja lamanzere, osaipeza. Ndiye anakokera diresi m'mwamba kuti alivulire kumutu, koma linakanirira m'mapewa, nkhope ili m'kati, mkono wabwinowo utapanikizika m'mwamba. Pofuna kudzimasula anaterereka. Miyendo yawo inali mbuu ndi kuzizira, bondo likutuluka magazi.

Regina anagwada m'matopemo. Zipi inali italuma nsalu, moti anachita kung'amba. Nkhope ya mayi ake itatulukira, inali youma, yopanda msozi.

"Mwakhala nthawi yaitali bwanji chonchi? Bwanji osaitana?"

"Ndiitane alamu anga?"

Anawafunditsa chitenje chake n'kulowa nawo m'nyumba. Akuwapukuta bondo pabedi, Regina ndiye anayamba kulira.

"Mwaona, amayi? Bambo aakulu sakunama. Tipite basi. Mukagona ndi ana kuchipinda, ndikapeza mtsikana woti azikusamalani ine ndikapita kuntchito."

"Bweretsa thumba lija."

"Amayi..."

"Regina. Thumba."

Analikoka kuchokera kuseri kwa chitseko n'kulimasula. NaNgozo anapisamo dzanja, osayang'ana, n'kutulutsa bulauzi yobiriwira ya maluwa achikasu.

"Khala apo. Usandigwire."

Anayala bulauziyo pamiyendo, yotseguka kutsogolo konse. Mkono wake wamanja unali wotakata, wong'ambidwa dala kuyambira kukhwapa mpaka kumapeto. Ananyamula dzanja lakufalo n'kuligoneka pansaluyo monga mmene amagonekera khanda, n'kutseka ndi zomata zija zimakhala pansapato za ana. Pakolala panali kachingwe. Anakaluma ndi mano, anaweramira kutsogolo, n'kuponyera bulauzi kumsana. Inagwera paphewa lina. Dzanja lamanzere linalowa lokha. Mabatani anali athabwa, aakulu ngati chitsekerero cha botolo, ndipo m'malo mwa mabowo munali timagoga ta chingwe tokolowekamo mabataniwo. Chala chachikulu chinkangokankha, batani n'kulowa.

Chitenje chinali ndi lasitiki wobisika m'chiuno, mfundo yake yosokereratu pambali, moti munthu wakunja akanalumbira kuti amanga okha. Anachiponya pansi, analowetsamo mapazi, n'kuchikweza mbali ino, mbali iyo, atatsamira mutu wa bedi. Kutsogolo, chakumanja, kunali thumba lakuya. Anatenga dzanja lopuwalalo n'kuliikamo kuti lisalendewere. Duku nalo linali losokedwa kale ngati chipewa.

Zinatenga nthawi. Thukuta linatuluka pamphumi ngakhale kunkazizira. Kangapo konse manja a Regina ananyamuka okha, iye n'kuwabweza pamiyendo.

"Ine ndinkaganiza kuti amakuvekani ndi abambo," anatero motsitsa.

"Miyezi yoyamba. Tsiku lina anachedwa kumsika. Ndinadziwonongera pamphasa, chitenje chitandikanika kumasula." Anapuma kaye. "Ndinawauza kuti bola kufa. M'mawa mwake anatenga sizasi n'kudula bulauzi yanga ya kutchalitchi."

"Zonsezi anasoka okha?"

"Zina zinkakanika. Ankasula, n'kuyambiranso. Kenako anthu anamva. Wina wa ku Mlangeni, woyenda chokwawa, anamusokera buluku la zikopa m'mawondo. Mwana wina wa mutu waukulu, malaya otsekula paphewa." Anatambasula dzanja. "Ndodo yanga."

Anatuluka. A Aleck anali pakhonde ndi amuna ena awiri, akumwa tiyi wa madzulo. Ataona maluwa achikasuwo anaika kapu pansi.

"Alamu, n'chiyani chimenechi? Dothi la pamanda silinaume n'komwe."

"Ndavala ndekha. Mufunseni mwanayu."

"Ndi zoona, bambo aakulu," anatero Regina. "Sindinawakhudze."

"Sindikunena zimenezo ine. Namfedwa amavala zotere? Mukufuna anthu azinena kuti kubanja kwathu kulibe mwambo?"

"Chakuda chija n'cha kusitolo," anatero NaNgozo. "Ichi anasoka mng'ono wanu. Ndiwalira ndi chimenechi."

Anaimabe, dzanja limodzi pandodo, lina m'thumba. A Aleck anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anatenga chipewa chawo n'kunyamuka, tiyi osamaliza.

M'mawa mwake anabweranso ndi Nathan, akukankha njinga. Sanakhale pampando.

"Ndagona ndikuganiza," anatero. "Mukhale, mpaka tikumbe kachewere. Tikaona kuti zikukanika, mudzapita kwa mwana wanu, ndipo pasadzakhale kulimbana. Koma makina ndatenga."

"Nanga lasitiki akatha mphamvu, adzawasokera ndani?" anafunsa Regina. "Zomatazi zimatha, bambo aakulu."

"Makina amasoka okha? Ukhala kuno ndiwe kuti uziwapalasa?"

Lolemba Regina ankayenera kukhala ali kuntchito. Ana ake anali atawasiya kwa mnzake. Ngakhale kulowetsa ulusi m'makinamo sankadziwa, chifukwa ali mwana ankathawa bambo ake akafuna kumuphunzitsa.

Nathan anamasula mutu wa makina n'kuukulunga m'chiguduli. Miyendo yake yachitsulo anaimangirira pakaliyala ndi mphira. NaNgozo anaonerera ali pakhonde. Njinga itakhota kuseri kwa khola la mbuzi, anayang'ana pamene makinawo ankakhala. Panatsala timaenje tinayi pansi, ndi tizidutswa ta nsalu timene mphepo inayamba kale kumwaza.

"Zimene zilipozi zindifikitsa pamene zindifikitse," anatero, osauza munthu.

Chinatsala n'kugawa zovala za malemu. Regina anayala mphasa pabwalo n'kutulutsa sutikesi ya bambo ake. Munalibe zambiri. Nsapato zinapita kwa msuweni wina, jekete la kutchalitchi kwa mkulu wa mphakati amene anatsogolera mapemphero. Malaya onse anawaika pamaso pa a Aleck, monga mkulu wawo.

A Aleck anatenga oyamba, a mizeremizere, n'kuwakutumula. Anakwinya nkhope. Mkono wamanja unali wong'ambidwa mpaka kukhwapa, m'mphepete mwake muli zingwe zomangira. Anatenga ena. Amenewo anali ndi ngowe zawaya m'malo mwa mabatani. Ena anali ndi mabatani a mphira wa tayala, odulidwa mokhotakhota. Ena zomata, zosokedwa ndi kusulidwa kambirimbiri mpaka nsalu inabooka. Panalibe malaya ngakhale amodzi amene anali osakhudzidwa.

"Anawononga bwanji zovala zake chonchi munthuyu?" anafunsa. "Iyeyo manja anali nawo onse."

"Ankayamba pa iwo eni," anatero NaNgozo. "Ankati sangandipatse chinthu asanachilawe. Ankandiuza ndiwamange dzanja kumsana ndi mpango. Ndiye azivala, azivula, azivala. Zikawapweteka, ankadziwa kuti inenso zindipweteka."

"Ndiye ankayenda nazo zimenezi pamsewu?"

"Mkati mwa jekete. Simunkaona."

Kutali, kumsewu, lole inkalira pokwera chitunda. Regina anatembenukira kumbali n'kudziphimba kukamwa ndi nsonga ya chitenje.

A Aleck anakhala nthawi atagwira malaya omaliza, otuwa, othetheka pakolala, a mabatani athabwa ndi timagoga ta chingwe. Anawanunkhiza mwakabisira. Kenako anavula juzi yawo, anapachika malayawo m'mapewa, n'kupititsa dzanja lamanja kumsana. Ndi lamanzere anagwira batani la pakhosi. Linapulumuka. Anayesanso, nsalu ikuthawira kumbali. Linapulumukanso.

"Muyambire m'munsi, alamu," anatero NaNgozo. "Iwonso ankalakwitsa pomwepo."

A Aleck anatsitsa dzanja n'kuyamba kufufuza batani la m'munsi, dzanja lina lili kumsana.