Moto wa a Julius Kudambo

Ndinali kupeta nandolo pakhonde pamene Ennie, mng'ono wanga, anafika panjinga. Sanatsike n'komwe.

"Achemwali, utsi uwo mukuuona? Ndi kudambo kwanu. Alamu ayatsa."

Ndinaika lichero pansi.

Kudamboko kuli kachigawo komwe amayi anandisiyira. Chisiyireni mvula, ng'ombe zathu ziwiri sindinazilole kupondako. Ndinkazimangirira m'mbali mwa msewu wa ku Chiringa, lero apa mawa apo, kenako m'munda kumapesi, zonsezo kuti udzu wakudambo udzatisunge mu Okutobala, nthawi imene ng'ombe zimafika potafuna ndi majumbo omwe. Imodzi ili ndi bere.

Ndinawapeza a Julius, amuna anga, ataima ndi nthambi yaiwisi m'manja. Moto unali utamaliza kale. Panangotsala phulusa ndi chulu.

"Mayi a Aliness, musayambe," anatero ndisanatsegule pakamwa. "Udzu wouma uja ng'ombe sinenepa nawo. Pompano msipu uphuka, wobiriwira. Mudzandithokoza."

"Uphuka ndi madzi ati?"

"Kwathu ku Chiwalo timatentha chaka chilichonse."

"Kwanuko dambo lanu siliuma. Lino takumbani muone."

Anathyola kamtengo n'kukumba. Fumbi. Anasuntha, n'kukumbanso pafupi ndi chulu. Fumbi lokhalokha.

"Pitirizani alamu," anatero Ennie, yemwe anali atanditsatira. "Mwina mutipezera mjigo."

Ine sindinaseke. Mapesi m'munda anali atatsala pang'ono kutha. Makoko a nandolo sangasunge ng'ombe yabere mpaka mvula. Chaka chatha tinaona ya a Wyson, oyandikana nafe: inagona pakhola osadzukanso, amuna anayi akuikoka mchira, mapeto ake mpeni.

"Mawa m'mamawa mutenge ng'ombe zonse," ndinatero. "Mupite nazo ku Chiwalo kuja msipu umaphuka."

"Ndikazisiye kwa achimwene?"

"Achimwene anu ali ndi zawo. Mukakhala nazo inuyo. Mudzabwera nazo mvula ikagwa."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana Ennie.

"Ndiye anthu aziti mwandichotsa pamudzi."

"Aziti."

"Miyezi yonseyi? Nanga mizere m'munda alime ndani?"

"Ndilima. Yabereyo musakaithamangitse panjira. Ikaima, inunso muime. Dzuwa likakwera mupume pamthunzi, ndipo muimwetse musanamwe inu."

Anataya nthambi ija. Anati akufuna awone kaye ngati zingwe zili zolimba. Ndinawauza kuti chimodzi chadyeka pakhosi, asinthe.

Nditabwerera pakhonde ndinapeza nkhuku zili m'lichero. Ndinazipirikitsa n'kuyambanso kupeta. Mphepo inali ikuchokera kudambo, ndipo ndikaponya nandolo m'mwamba, ankabwerera ndi phulusa. Ndinatembenuka kuti mphepoyo izindiomba kumsana. Thumba la nandolo linali lisanafike n'pakati pomwe.