Mzime wa mu Firiji

Kwathu tinabadwa ana atatu, koma mukanawafunsa amayi masiku amenewo akanakuuzani kuti tilipo anayi. Ine ndine wachitatu, ndipo uzime ndinaudyerera zaka zisanu ndi ziwiri zokha. Kenaka kunabwera winayo, wopanda mutu, wopanda miyendo, wokhala m'kabotolo kochepa ngati chala. Achimwene ndi amene anamupatsa dzina loti Mzime pofuna kundiputa, ndipo dzinalo linakakamira mpaka ku labotale.

Mzime anali yisiti, yomwe ija yofufumitsira buledi. Amayi anali katswiri wa majini, tinthu tosaoneka ndi maso timene timalamula mmene chamoyo chilichonse chikhalire. Anatenga jini imodzi ya kachilombo koyambitsa matenda ena oopsa a m'magazi n'kuilowetsa mu yisiti, kuti ofufuza mankhwala asamasewere ndi kachilombo kenikeniko. Ukathira mankhwala yisitiyo n'kuleka kukula, ndiye kuti mankhwalawo angathe kugwiranso kachilombo. Kunena n'kosavuta. Kupanga kwake kunawatengera zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo m'zaka zimenezo ine ndinaphunzira kuluka tsitsi langa ndekha.

Labotaleyo ndimaikumbukira bwino chifukwa Loweruka lililonse ndinkaswera momwemo. Chinali chipinda chachitali cha m'mwamba, cha matebulo akuda, mpope wodontha pakona, ndi fungo la buledi wosapsa lomwe linkalowerera mpaka m'majuzi. Ankandikhazika pa mpando wozungulira n'kundiuza kuti ndikakhudza kanthu zala ziduka. Pafupi ndi chitseko panali firiji yaikulu yolira ngati lole pachitunda, ndipo m'menemo ndi mmene munkagona Mzime. Ophunzira ankawatchula amayi kumbali kuti Mayi Pensulo, chifukwa inki sankaifuna pa mabotolo. Ankati imafufutika ndi chisanu. Wolemba ndi bolopeni ankayambiranso ntchito ya sabata yathunthu.

Mankhwala awoawo amayi sanawapeze. Anayesa mitundu yoposa zikwi zinayi. Amodzi, nambala 612, anafika patali mpaka kunyumba tinadya keke pakati pa sabata. Patatha miyezi isanu ndi itatu anapezeka kuti akuwononga chiwindi cha mbewa zoyeserapo, ndipo tsiku limenelo amayi anakhala m'galimoto pageti theka la ola osatsika. Koma pepala lofotokoza za Mzime linayenda dziko lonse. Akatswiri oposa zikwi ziwiri analitchula m'zolemba zawo, ndipo gulu lina lakutali, poyesera pa yisiti ya amayi, linapeza mapiritsi amene anafika m'zipatala. Dzina la amayi lili kumapeto kwa pepala la anthuwo, m'tizilembo tofuna magalasi. Iwo ankati basi, zakwanira. Ine ndinkapsa mtima m'malo mwawo, ngakhale Mzimeyo ndinkadana naye ndi mtima wonse.

Amayi atatha zaka zitatu chipumireni pantchito, foni inalira Lachiwiri m'mawa tikutsuka makapu. Anali mkulu watsopano wa labotale. Amisiri okonza chipinda anazula pulagi ya firiji kuti alumikize makina awo, ndipo chipindacho chinakhala chotseka masabata atatu. Zonse za m'katimo zinaonongeka, zinatayidwa.

"Musadandaule kwambiri, mayi," anatero mkuluyo, ine ndikumva. "Kapangidwe kake kali m'pepala lanu lija. Tikhoza kupanganso."

"M'pepala muli zimene ndinachita ine," anayankha amayi. "Zimene anachita yekha mulibe. Chaka chachinayi anasintha yekha, m'pamene anayamba kugwira ntchito bwino. Ndinkati ndidzafufuza kuti anasintha pati, nthawi inandithera."

Anaika foni pansi n'kupitiriza kutsuka kapu yotsuka kale.

Kuyambira pamenepo tiyi wawo ankazizira pakhonde. Nyuzipepala ankaigwira osatembenuza tsamba. Ndinachita mantha, sindibisa. Ndiye ine, amene sayansi ndinaithawa n'kukakhala telala, ndinasiya madiresi a eniake pa makina n'kuyamba kulemba makalata pa kompyuta, kufunafuna mng'ono wanga amene sindinamukondepo. Ndinalembera malabotale makumi anayi ndi atatu amene amayi anawatumizirapo Mzime. Ena anati anataya posamuka. Ena anati ali naye, koma anamuwonjezera majini awo mpaka si iyenso. Ambiri anangoti zii.

"Amenewo ndi zidzukulu," anatero amayi nditawawerengera mayankho. "Ine ndikufuna mwiniwakeyo."

"Nanga ophunzira anu aja? Si paja aliyense pochoka munkamupatsa kabotolo?"

Unalidi mwambo wawo. Ena amapatsa wophunzira buku kapena wotchi. Amayi ankapatsa kabotolo ka Mzime kolembedwa tsiku ndi pensulo. Anatulutsa kope lakale lachikuto chofiira, ndipo tinaimbira onse khumi ndi asanu ndi atatu. Wina ndi mkulu wa kampani, wina mlaliki, awiri anatisiya. Kabotolo panalibe amene anali nako. Pansi pa tsambalo panatsala mzere umodzi wokhwatchidwa.

"Uyu ndi ndani?"

"Umusiye ameneyo. Ndi Manjenje."

Ndinawakumbukira. Anali aatali, ofatsa, ndipo manja awo ankanjenjemera akagwira chilichonse. Tsiku lina anataya mbale zoyesera khumi, ndipo amayi anawauza pamaso pa anzawo kuti manja amenewo ngoyenera kusefa ufa. Anavula jasi yoyera, anaipinda bwinobwino, anatuluka, ndipo sukuluyo sanaimalize.

"Ndiye kuti iwowa simunawapatse," ndinatero.

Amayi anayang'ana kumbali. "Ndinamupatsa. Ndinamuthamangira pa masitepe. Pepani anandikanika pakamwa, ndiye ndinangomufumbatitsa kabotolo m'kabokosi ka ayezi."

Nambala yawo ndinaipeza patatha masiku anayi. Ankagwira ntchito kumalo osungirako katemera wa ziweto. Ndinawaimbira n'kuwafotokozera kuti ndine mwana wa yani.

"Inu ndi kamtsikana ka pa mpando wozungulira kaja?" anafunsa. "Auzeni mayi kuti Mzime ali pa shelefu yachitatu, kumanzere. Ndasintha naye ntchito katatu. Anthu ankandiseka posamuka, ati katundu wanu ndi kameneka?"

Anabwera Loweruka, imvi mutu wonse, atakumbatira bokosi lofuka utsi wozizira. Mkulu watsopano anatitsegulira chipinda chija. Chinali chopentedwa moyera, mpope sunkadonthanso, ndipo fungo lathu lija munalibe; munkanunkha penti. Mpando wozungulira ndinauyang'ana paliponse, kunalibe.

Amayi anavala magolovesi, anayatsa kamoto, anatenga kawaya kopakira yisiti pa mbale. Kawayako kanayamba kuvina m'dzanja lawo. Anayesa kugwirizira ndi dzanja lina, sizinathandize. Tonse tinayang'ana pansi.

"Pakani ndinu," anatero, akuwapatsa a Manjenje.

Bambowo anapaka mizere itatu yowongoka ngati yojambula ndi rula. Dzanja silinagwedezeke ngakhale pang'ono.

"Manja aja anapita kuti?" anafunsa amayi.

"Ankanjenjemera ndi inu basi, mayi. Ng'ombe sizikalipa."

Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono, ndipo pakati pa kusekako ndinamva akuti, "Ndinakulakwirani." Anawatengera zaka makumi awiri ndi zinayi mawu amenewo.

Kabotolo katatsala pa tebulo, ndinawerama kuti ndiwerenge osakhudza. Pensulo ija inali isanafufutike. Tsiku lolembedwapo ndinalidziwa pompo. Linali tsiku lolandira mphoto kusukulu, chaka chimene ndinakhala woyamba m'kalasi, pamene mpando umene ndinawasungira amayi ndi juzi langa unakhala wopanda munthu mpaka nyimbo yomaliza. Mtima unandipweteka ngati zachitika dzulo.

Yisiti yogona zaka zonsezo siuza munthu msanga ngati ili moyo. Mbaleyo inatsekeredwa m'kabati yofunda, ndipo tinadikira masiku atatu. Amayi sanadye zomveka. Lachiwiri masana tinakweranso masitepe aja, iwo atanditsamira. Anatsegula kabati okha, anakweza mbale kuloza ku windo, ndipo pa mizere ya a Manjenje panali timadontho toyera, tonona, tambirimbiri. Anatsegula chivundikiro pang'ono n'kununkhiza. Fungo la buledi wosapsa linandifika pomwe ndinaima, ndipo ndinadabwa kuti ndinalisowa.

"Wadzuka," anatero. "Ndi iyeyo."

Kenaka anatulutsa m'thumba la juzi kabotolo kopanda kanthu kaja. Sindinadziwe kuti anakatenga. Anakatembenuza mpaka tsiku lija linayang'ana kwa ine.

"Unavala masokosi oyera atsopano," anatero motsitsa mawu. "Imodzi inali itatsika. Ndinafika akutulutsa mipando, ndinakuona ukutsetsereka mumsewu ndi bambo ako, buku la mphoto lili m'khwapa. Ndinaopa kukuitana."

"Munabwera?"

"Mochedwa. Zonse ndinkafika mochedwa, kupatula kuno." Anandiyang'ana, kenaka anatambasula dzanja lonjenjemera lija. "Tagwira mng'ono wako, ine ndingamugwetse."

Mbaleyo inali yofunda ndiponso yopepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Aka kanali koyamba kundilola kukhudza kanthu m'chipinda chimenecho. Ndinaigwira ndi manja awiri, ndipo zala sizinaduke.