Mchombo wa Mahina

Mchombo wa mwana wake Mahina utagwa, mlongo wanga Kekoa anaukulunga m'tsamba n'kubwera nawo kudoko la Maalaea.

"Achemwali, tiyeni ku Molokini."

Kwathu kuno mchombo umabisidwa m'ming'alu ya miyala, chifukwa khoswe akaudya mwana amakula wakuba. Athu akale ankakausiya pakachilumba kameneko, phiri lamoto lozima lija lomwe limaoneka ngati mphika wosweka theka. Koma Kekoa, mutu ngati mwala, ankafuna kukaubisa pansi pa madzi, kuseri kwa chilumba.

"Iwe, mkati mwa mphikamo muli miyala yosowa?" ndinamufunsa. "Kuseri kuja madzi amakokera pansi, ukudziwa."

"Mkati muja alendo amapalasapalasa ngati nkhuku. Mahina wanga si wogonera pomwe aponda anthu. Kapena mwakalamba, achemwali?"

Ndinapsa mtima, ndipo n'chifukwa chake ndinavomera. Uchitsiru weniweni!

Amalume athu, a Ikaika, ndiwo ankayendetsa boti. Anayang'ana madzi a kuseriko, akudawo, n'kulavula.

"Sindikuwakonda lero. Mbalame zonse zathawa pathanthwe."

"Zapita kutchalitchi, amalume," anatero Kekoa akumanga thanki yake ya mpweya kumsana.

Palibe anaseka. Tinadumphira.

Khoma lamiyala la kuseri kwa chilumbacho limangotsika, osaona pothera. Pamwamba pali nsomba zachikasu, ukatsika pang'ono kuwala kumachepa, mtundu uliwonse n'kuzima. Ndinamuloza mng'alu wabwinobwino. Anapukusa mutu, n'kuloza pansi. Ndinamuloza wina. Anakananso. Kuzizira kunayamba kundilowa m'mafupa, ndipo thovu la mpweya wathu, m'malo mokwera, linkangozungulira pamaso pathu. Apo mantha anandigwira zenizeni.

Potsiriza anaupeza womukomera. Anatulutsa katsamba kaja m'malaya, koma zala zinali zitauma. Kanapulumuka. Ndinakaona kakutembenuka pang'onopang'ono, kakutsika motsatira khoma.

Kekoa anazondoka n'kukatsatira.

Ndinamugwira mwendo. Mayo ine, ndinaukakamira ndi manja onse! Anacheuka, ndipo m'magalasi ake osambirira ndinaona maso akuseka. Kuya kumaledzeretsa munthu kuposa mowa. Anandipatsa chizindikiro cha zala choti zonse zili bwino, kenaka anandimenya ndi chidendene pachifuwa.

Ndinamutsatira mpaka makutu kulira, mpaka mpweya wanga kuyamba kuvuta kukoka. Iye anali kachinthu kotuwa pansi panga, dzanja atatambasula. Ndinabwerera ndekha.

Amalume anandikokera m'boti. Tinazungulira khomalo tikusuzumira thovu. Linatuluka pang'ono chapatali, kenaka timathovu tochepa, kenaka madzi anangoti zii. Anaitana opulumutsa pawailesi, n'kuzimitsa injini kuti mwina timumva akukuwa.

Tinadikira. Boti linkangogunda mafunde.

Amalume anatenga foni yawo, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuiika m'manja mwanga monyowamo.

"Mlamu wako akuyamwitsa," anatero. "Ukamuimbira, muuze ayambe wamugoneka pansi mwanayo."