Chigayo Kuseri kwa Diso

Dokotala wa maso, mayi Rehema, anaika chomvera mtima pachikope cha Luiza. Mwamuna wa Luiza, Inocencio, anaseka.

"Mtima unasamukira m'diso, adokotala?"

Mayi Rehema sanaseke. Diso lamanzere la Luiza linali lofiira ngati phwetekere wakupsa, lotong'oka, ndipo linkagunda pamodzi ndi mtima.

"Mumamva phokoso m'mutu, mayi?"

"Samva kanthu," anayankha Inocencio.

Alipo amuna okonda akazi awo mpaka kuwayankhira mafunso onse. Mayi Rehema sankachikhulupirira chikondi chotere.

"Ndafunsa mwini diso."

"Chinachake chimalira ngati chigayo cha pa Chitakale," anatero Luiza, atazolika.

"Kuseri kwa diso kuli mitsempha iwiri, wobweretsa magazi ndi wowabweza. Yabooka n'kulumikizana, ndiye magazi akukankha diso. Kawirikawiri zimayamba mutu ukagundidwa kwambiri. Munagwa?"

"Anagwa panjinga," anafulumira Inocencio. "Ingotipatsani mankhwala odontheza. Mawa akufunika kukathyola tiyi ku esiteti."

"Odonthezawo mwadontheza mokwanira. Apite ku Blantyre akajambulidwe mutu, akatswiri akaone njira yotsekera pobookapo. Mukachedwa, disoli lifa."

"Ku Blantyre amafunsa zambiri."

"Mukuopa mafunso kapena mukuopa khungu?"

Inocencio anayang'ana kudenga. Mayi Rehema anamutuma kukagula buku latsopano lachipatala, ngakhale lakale linali lisanadzaze. Mwamunayo atatuluka, dokotala anatseka chitseko.

"Njingayo inali ya ndani, achemwali?"

Luiza anapotokola nsonga ya chitenje. Anachita mantha, komanso anali atatopa. Chigayo chija chinkangolira.

"Kwathu kulibe njinga," anatero.

Inocencio anabwerera ali wefuwefu, buku kumanja. "Chabwino, tipita. Ndikamudikirira ndine."

"Wodikirira amasankha wodwala," anatero mayi Rehema.

Luiza anadzutsa mutu. Ndi diso lotupalo ankaona mwamuna wakeyo ngati anthu awiri, koma anawalankhula onse pamodzi.

"Andiperekeza achimwene anga, a Dario. Inu tsogolani kumudzi mukalongedze zovala zanu. Nyumba ija ili pamalo a amayi anga, inu munangobwera ndi chikwama."

"Luiza, pa anthu pano?"

"Nanenso diso langali lili pa anthu."

Luiza anatenga bukulo m'manja mwa mwamunayo n'kulipereka kwa dokotala.